Kadimba ka pakhomo: masamba a mumphika ndi tizipatso ta ana

Anthu amati dera lathu lino ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete, ndipo sanama. Mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba za ku Angónia ndi ku Tsangano zimadzaza malole opita mumzinda wa Tete, zina mpaka ku Beira, zina zimangodumpha msewu n'kukagulitsidwa pa msika wa Lizulu. Mlendo angaganize kuti kuno mwana aliyense amadya masamba ndi zipatso tsiku ndi tsiku. Koma inu okondedwa omvera mukudziwa mmene zimakhalira. Kabichi wamkulu amakwera njinga kupita ku msika, pakhomo pamatsala wong'ambika ndi wodyedwa ndi mbozi. Mwezi wa Okutobala ukafika, mabanja ambiri amadyera nsima tinsomba touma towerengeka, ena mchere ndi tomato mmodzi.

Zotsatira zake zimaoneka ku sikelo, kumene ambirife timati ku peso. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique mu 2011 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 43 anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo sunkagwirizana ndi zaka zawo. Kafukufuku wa 2022 mpaka 2023 anapeza 37. Chiwerengero chinatsika, inde, komabe 37 ndi ana oposa mmodzi mwa atatu alionse. Mu 2011 momwemo anapezanso kuti ana 69 mwa 100 ndi amayi 54 mwa 100 anali ochepa magazi. Zifukwa zake n'zambiri: malungo, njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba kawirikawiri, kubereka pafupipafupi. Koma chimodzi mwa zifukwazo chili m'mbale ya ndiwo, ndipo chimenechi tingachikonze ndi khasu lathu lomweli.

Phunziro la mwezi uno ndi la kadimba ka pakhomo, kamene ena amati horta. Sitikunena dimba la kudambo ayi. La kudambo ndi la ndalama, lisiyeni likhale la ndalama. Tikunena kamalo ka mapazi khumi kuseri kwa khitchini, kamene ntchito yake ndi yakuti mphika wa ndiwo usasowe chobiriwira ngakhale tsiku limodzi, ndiponso kuti mwana azitola kachipatso m'miyezi imene mango ndi mapichesi sanapse.

Bwanji osangodalira dimba la kudambo?

Funso limeneli amakonda kufunsa ndi abambo. Yankho loyamba ndi mtunda. Madimba ambiri ali kutali ndi mudzi. Mayi wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu, agogo amene akulera adzukulu, kapena munthu amene wangoyamba kumwa ma ARV thupi lisanabwerere, sangayende ulendo wonsewo kukafuna masamba a nkhomaliro. Chonsecho anthu amenewa ndi omwe matupi awo akufuna masamba koposa. Chachiwiri, za kudambo zili ndi mwini wake ndi mtengo wake. Zimawerengedwa, zimadikira ogula, ndipo mayi akathyolako nthawi zina pamabuka mawu. Chachitatu ndi mankhwala. Tomato ndi kabichi wa malonda amapoperedwa kawirikawiri, makamaka chibwerereni kambozi kowononga tomato kotchedwa Tuta absoluta, kamene kanapezeka m'dziko muno mu 2016. Pa botolo la mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanakolole, koma ndi angati amadikira lole itaima kale pamsewu? M'kadimba ka pakhomo, wophika yemweyo ndiye amadziwa chimene chathiridwa pa masambawo.

Masamba onse si ofanana

Kabichi takhala tikumupatsa ulemu wopitirira muyeso. Amadyedwa pa ukwati, amaphikiridwa alendo, pamene bonongwe ndi chisoso timaziona ngati ndiwo za munthu wosowa. Koma mutu woyera wa kabichi uli ndi vitamini A wochepa kwambiri poyerekeza ndi bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, kholowa kapena mpiru. Pozindikira musavutike: tsamba lobiriwira kwambiri ndilo lili ndi zambiri.

Vitamini A amateteza maso ndipo amathandiza thupi la mwana kulimbana ndi matenda monga chikuku ndi kutsegula m'mimba. Mwana amene amapunthwa kukangoyamba kuda, pamene anzake akuona bwinobwino, n'kutheka kuti akusowa vitamini ameneyu, ndipo apite naye kuchipatala msanga. N'chifukwa chake ana oyambira miyezi 6 mpaka zaka zisanu amalandira madontho a vitamini A kawiri pa chaka. Timvetsetsane apa: kadimba sikalowa m'malo mwa madontho amenewa, kapena m'malo mwa mapiritsi a sal ferroso amene amayi oyembekezera amalandira. Zonsezi ziyendere limodzi.

Masamba obiriwira ndi nyemba alinso ndi ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi. Vuto ndi lakuti ayironi wa m'zomera thupi silimutenga mosavuta ngati wa m'nyama, chiwindi kapena nsomba. Wambiri amangodutsa. Chimene chimamutsegulira njira ndi vitamini C, wopezeka m'zipatso, makamaka zowawasa. Mwana akadya nsima ya nkhwani n'kutsatiza gwafa kapena sitiroberi zingapo nthawi yomweyo, thupi lake limatenga ayironi wambiri kuposa akanadya nkhwani yekha. Ichi ndicho chifukwa chake m'phunziro lino masamba ndi tizipatso taziika mu mpanda umodzi. Tiyi amachita zosemphana, amamanga ayironi kuti asalowe m'thupi. Mayi woyembekezera asamwere tiyi pa chakudya, adikire padutse ola limodzi kapena awiri.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Popeza kukhitchini kulibe sikelo, werengani dzanja lodzaza kasanu. Kachewere, mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa nawo pamenepa.

Mpanda choyamba, mbewu pambuyo

Timadimba tambiri ta pakhomo timafa sabata yachiwiri, ndipo wopha si dzuwa koma mbuzi. Anthu akangomaliza kukolola, mbuzi ndi nkhumba zimamasulidwa, nkhuku nazo sizinamangidwepo chiyambire. Choncho musafese kanthu mpanda usanathe. Mapesi, bango, nsungwi kapena udzu, zonse zimagwira, bola pansi pakhale pothinana moti ngakhale mwanapiye asalowe, ndipo pakhale chitseko chotsekeka. Abambo, ntchito iyi ndi ya masiku awiri okha, ndipo ndi yanu. Musadzafunse kuti ndiwo zili kuti ngati mpanda simunamange.

Sankhani malo owomba dzuwa theka la tsiku kapena kuposerapo, pafupi ndi potsukira mbale. Akhale kumtunda kwa chimbudzi ndi khola, osati kumunsi kumene madzi a mvula amatsetserekera ndi zonyansa. Pewani pansi pa bulugamu, mizu yake imamwa madzi onse.

Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati popanda kuponda, ndi mamita anayi m'litali. Mabedi atatu kapena anayi ndi okwanira poyambira. Nthaka ya pakhomo imakhala youma gwa chifukwa chopondedwa ndi kusesedwa zaka zambiri, choncho kumbani mozama mpaka dzanja lilowe kufika m'chigongono. Pa mita iliyonse sakanizanipo ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola. Nyengo ya mvula mabedi akhale okwera kuti mizu isamire, nyengo ya chilimwe akhale olowa pansi pang'ono kuti madzi asathawe.

Tikati manyowa owola tikunena akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ndowe zaziwisi zimatentha mizu, komanso zimanyamula tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. Amene alibe khola aunjike kompositi: pansi mapesi oduladula, pamwamba pake masamba aawisi ndi makoko a kukhitchini, kenako zitosi kapena ndowe zimene angapeze, phulusa pang'ono ndi dothi, n'kubwerezanso chimodzimodzi mpaka mulu ufike m'chiuno. Thirirani kuti ukhale wachinyezi, ndipo muziutembenuza pakatha milungu itatu kapena inayi. Lowetsani ndodo pakati pa mulu. Ikatuluka yofunda, dziwani kuti ntchito ikuyenda. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa.

Nanga madzi tiwatenga kuti?

Amayi ndiwo amafunsa ili, ndipo ali ndi chifukwa, popeza mutu wosenza ndi wawo. Tiyeni tiwerengere. Bedi limodzi la mita imodzi ndi mamita anayi limamwa pafupifupi ndowa imodzi ya malita 20 pa tsiku nyengo yotentha. Mukaphimbira nthaka ndi udzu wouma kapena makoko a nyemba, madzi ofunika amachepa kwambiri chifukwa dzuwa silifika pa dothi. Bedi losaphimbira mu Okutobala n'kungotaya madzi.

Tsono taganizirani madzi amene pakhomo pamatayika tsiku lililonse: otsukira masamba, otsukuluzira mbale, oviika mphale, osamba m'manja. Onsewa angathiridwe m'bedi, pa dothi osati pa masamba. Madzi a kubafa ndi ochapira zovala, okhala ndi sopo wambiri, alunjikitseni ku nthochi ndi ku mtengo wa mabulosi. Madzi ochapira matewera a mwana kapena zovala za munthu wotsegula m'mimba asayandikire kadimba, akathiridwe m'chimbudzi.

Njira ina yopulumutsa madzi ndi kukwirira botolo la pulasitiki lobowola timabowo pansi, kapena mphika wadothi wakale, pakati pa mbewu, n'kumathira madzi m'menemo. Amatuluka pang'onopang'ono pamizu pomwe. Mgolo wosungira madzi uzikhala wovundikira nthawi zonse, chifukwa cha udzudzu komanso chifukwa mwana wongoyamba kuyenda angagweremo chamutu. Musalole zithaphwi m'kadimba. Udzudzu wa malungo umaswana m'madzi oima, ndipo sitikufuna kuchiza kuchepa magazi uku tikuweta malungo kuseri kwa nyumba.

Amene akukhala nyumba ya lendi ku Ulongue kapena ku Zóbuè, opanda pokumba, adzaze thumba la makilogalamu 50 ndi dothi losakaniza manyowa, aike timiyala m'kati motsika pakati kuti madzi azifika pansi, abowole m'mbali n'kuokamo mpiru kapena repu. Matumba awiri amathandiza ndithu.

Kubzala motsatira nyengo

Njala ya nsima ndi njala ya ndiwo sizibwera mwezi umodzi. Ya nsima imavuta mu Januwale ndi Febuluwale, pamene masamba ali mbwee m'minda. Ya ndiwo imabwera mwakachetechete kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa: mfutso watha, zitsime za kudambo zaphwa, m'munda muli fumbi lokhalokha. Kadimba ka pakhomo kakonzedwe ndi maso pa miyezi imeneyi.

Mvula ikamatha, mu Malichi ndi Epulo, fesani mbewu zokonda kuzizira: mpiru, repu, chainizi, karoti, anyezi ndi nsawawa. Kuno kumapiri zimenezi zimakondwa mu Juni ndi Julaye, pamene bonongwe amangokhala osakula. Kukayamba kufunda mu Ogasiti, fesani bonongwe, maungu a nkhwani, nyemba za khwanya ndi therere lobala. Bonongwe amathyoledwa patangotha mwezi umodzi, ndipo mukamadula nsonga zokha osazula, amaphukiranso kangapo. Mvula ikagwa, luni, chisoso ndi denje zimamera zokha. Musazipalire zonse ngati udzu, zisiyireni ngodya yawo.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kufesa paketi yonse tsiku limodzi. Masamba amakhwimira pamodzi, banja limadya mpiru mpaka kutopa nawo, kenako mwezi wathunthu kulibe kanthu. Fesani pang'ono, milungu iwiri kapena itatu iliyonse.

Pezaninso malo a mzere umodzi kapena iwiri ya mbatata yofiira m'kati. Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A wambiri, ndipo ana amaikonda chifukwa ndi yotsekemera. Masamba ake ndi kholowa yemweyo. Mu 2011 dziko lathu linatulutsa mitundu 15 ya mbatata imeneyi yopirira chilala, ina mwa iyo ndi Irene, Delvia ndi Sumaia. Mayi Maria Andrade, amene anagwira ntchito imeneyi kuno ku Mozambique zaka zambiri, anali mmodzi mwa olandira mphoto ya World Food Prize mu 2016. Za mbewu yake funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Musabwereze mbewu za banja limodzi pa bedi lomwelo. Tomato, mabiringanya, tsabola ndi kachewere ndi pachibale, matenda awo ndi amodzi. Mpiru, repu, chainizi ndi kabichi ndi banja lina. Pamene panali tomato ikanipo nyemba, pamene panali nyemba ikanipo mpiru. Nsabwe za m'masamba zikabwera, sinjani tsabola wowawa ndi adyo, viikani m'madzi usiku wonse, sefani, sungunulanimo kasopo pang'ono, n'kuwaza kunsi kwa masamba madzulo. Samalani maso pochita zimenezi. Mbozi pa mabedi anayi okha sizifuna botolo la mankhwala, zitoleni ndi manja m'mamawa mukapatse nkhuku.

Tizipatso titatu

Tifike tsono pa tizipatso. Kuzizira kwa kuno, kumene timadandaula nako mu Juni, ndi mwayi umene anzathu a m'chigwa cha Zambezi alibe. Pali tizipatso titatu timene timachita bwino kumalo okwera ngati athu ano, ndipo tonse titatu mbewu yake ingapezeke kwa mnansi popanda ndalama.

Koyamba ndi mabulosi. Ine ndikanafunsidwa kuti banja liyambe ndi chiyani, ndikanati mabulosi, chifukwa safuna chisamaliro chambiri. Kumayambiriro a mvula dulani nthambi yokhwima, yonenepa ngati pensulo kapena chala, yotalika ngati kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja. Izikeni m'nthaka yonyowa, mbali yaikulu ilowe pansi, maso awiri kapena atatu atsale kunja akuyang'ana kumwamba. Zikani zingapo chifukwa si zonse zimagwira. Mukazika mondondozana m'mbali mwa mpanda, pakapita zaka ziwiri mudzakhala ndi mpanda wamoyo umene chiswe sichigwetsa. Mabulosi amapsa nyengo yotentha mvula isanagwe, nthawi yeniyeni ya njala ya ndiwo ija. Muziudulira mtengowo kuti usatalike, ana azithyola ali pansi osati kukwera. Masamba odulidwawo mbuzi ndi akalulu amawakonda kwambiri. Musaubzale pafupi kwambiri ndi khoma la nyumba kapena chitsime chifukwa mizu yake imayenda, ndiponso musayanike zovala pansi pake. Zoti milomo ndi malaya a ana zidzada, zimenezo vomerezani.

Kachiwiri ndi jamu, kachipatso kachikasu kobisala m'kathumba konga pepala. Ambiri timakaona kakumera kokha pa dzala kapena m'mbali mwa khola, osakalabadira. Finyirani njere za jamu wakupsa pa nazale, mbande zikafika kutalika kwa chala chachikulu n'kuziokera motalikirana phazi limodzi lalikulu. Amayanga, choncho muikireni timitengo. Musamuthirire manyowa ambiri, angachuluke masamba zipatso n'kuchepa. Jamu wapsa kathumba kake kakauma n'kusanduka kotuwa, nthawi zambiri amagwa yekha pansi. Ubwino wake ndi wakuti akasiyidwa m'kathumbako amakhala milungu ingapo osaola, ndiye mwana angathe kunyamula popita kusukulu. Koma chenjezo: jamu ndi wa banja la tomato ndi kachewere. Wosapsa, wobiriwira, komanso masamba ake, zimapweteka m'mimba ndipo zisadyedwe. Musamubzalenso pamene panali tomato wodwala.

Kachitatu ndi sitiroberi, zimene pa Chipwitikizi amati morango. Amene anafikako ku phiri la Zomba anaziona zikugulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi chipatso cha azungu ndi anthu a m'tauni. Chonsecho nyengo yathu ikuzilola. Pa kulemera kofanana, sitiroberi zili ndi vitamini C wofanana ndi wa lalanje. Zipatso zisanu zikuluzikulu zimakwanira vitamini C amene mwana wa zaka ziwiri amafuna pa tsiku.

Sitiroberi sitifesa njere. Mbewu yaikulu imatulutsa tizingwe toyenda pamwamba pa nthaka, ndipo pa kachingwe kalikonse pamamera kamwana kokhala ndi mizu yake. Timeneti ndi timene timaokera. Pemphani kwa munthu amene mbewu zake ndi zathanzi, zopanda masamba opiringizika kapena a mawanga. Okerani mvula ikamatha, mu Malichi kapena Epulo, motalikirana masentimita 30, pa bedi lokwera la manyowa owola bwino. Chofunika kwambiri ndi kuya kwake. Pamene masamba akumana ndi mizu pali mtima wa mbewu, ndipo mtima umenewu ukhale pamlingo wa nthaka ndendende. Mukaukwirira umaola, mukausiya pamwamba mizu imauma. Mbewu zambiri za ongoyamba kumene zimafera pamenepa.

Zikagwira, yalani udzu wouma kuzungulira mbewu iliyonse kuti zipatso zizigona pa udzu osati pa dothi. Thirirani pansi, m'mawa, madzi oyera okha, chifukwa chipatsochi chimadyedwa chosaphika ndiponso chosasenda. Nthawi yobereka chotsani tizingwe tonse kuti mphamvu ipite ku zipatso, mudzatisiye tikule nyengo ya mvula pamene mukufuna mbewu yatsopano. Zimayamba kupsa chisanu chikamatha ndipo zimapitirira mpaka kutentha kutakula. Mbalame ndi nkhuku zimaona kufiirako inu musanaone, choncho phimbani ndi nthambi za minga kapena ukonde wakale wa nsomba. Neti yogonamo ntchito yake ndi ya pabedi la mwana, osati bedi la sitiroberi. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mbewu zimatopa, zizuleni muokere ana ake pa bedi lina.

Kunena zoona sitiroberi zimafuna madzi ndi maso kuposa zinzake ziwirizi. Banja limene mjigo uli kutali liyambe ndi mbewu khumi zokha, ngakhale m'mabeseni obooka. Ndipo popeza zimagulika pa mtengo wabwino, chiyeso chidzabwera chotengera zonse kumsewu. Zikatero ndiye kuti kadimba ka pakhomo kasanduka dimba la kudambo lachiwiri. Ana ayambe adya, zotsala ndizo zipite.

Omvera athu a kumalo otentha, kumunsi cha ku Moatize, musavutike ndi sitiroberi. Kwanuko bzalani mapapaya, magwafa ndi chamwamba, ndipo masau ndi malambe amene muli nawo kale ali ndi vitamini C wambiri.

Zodyedwa zosaphika zimafuna ukhondo

Masamba amapita pamoto, koma tizipatso timachoka pa mbewu kulowa m'kamwa. Tonse tikukumbukira kolera amene anavuta mbali zonse ziwiri za malire mu 2022 ndi 2023. Chipatso chilichonse chitsukidwe ndi madzi otetezedwa, owiritsa kapena othira Certeza motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo wodyayo asambe m'manja ndi sopo.

Pali vuto linanso limene silikambidwa kawirikawiri. Ofufuza anapeza kuti nkhumba zambiri za m'boma la Angónia zili ndi timatuza toyera m'nyama, timene ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali yonga lamba. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazira amenewa akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja, m'madzi kapena pa chipatso chimene chinakhudza dothi loipitsidwa, amatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Mankhwala a m'madzi amapha tizilombo ta kolera koma mazirawa ndi olimba. Chitetezo chenicheni n'chakuti chimbudzi cha munthu, ngakhale cha mwana wakhanda, chisapezeke kuseri kwa nyumba. Chonse chipite m'dzenje. Potsuka zipatso muzithira madzi kuchokera pamwamba kuti dothi lizichoka, osati kungoviika m'beseni.

Aphunzitseninso ana kuti si kachipatso kalikonse kokongola kamene kamadyedwa. Njere za nsatsi ndi poizoni woopsa. Mwana azidya chokhacho chimene wamkulu wamuonetsa, ndipo akadya chosadziwika n'kuyamba kusanza, thamangirani naye kuchipatala mutatenga nthambi ya chomeracho.

Kuchokera m'kadimba kufika mumphika

Ntchito yonseyi ingathe kutayikira pamoto. Tsukani masamba musanadule, osati mutadula. Phikani ndi madzi ochepa, mphika wovundikira, nthawi yochepa, ndipo msuzi wake musataye. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba koma zimawononga mavitamini ena, makamaka vitamini C. Mukathyola nsonga zanthete m'kadimba kanu, soda safunikanso. Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, choncho nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira si zongokometsera ayi. Agogo athu amene ankatendera nkhwani ankachita zolondola.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, asapatsidwe madzi ngakhale a chipatso. Akakwanitsa miyezi 6, m'phala lake muzisakanizamo masamba ophika opotapota kapena ufa wa mfutso, nsinjiro, kapena mbatata yofiira yokanya, uku akupitiriza kuyamwa. Tizipatso muzimukanyira. Jamu wathunthu ndi wozungulira ndipo angamutsamwitse.

Masamba akachuluka mu Malichi ndi Epulo, futsani. Wiritsani pang'ono chabe, yanikani pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lachindunji limaumitsa msanga koma limawononga vitamini A wambiri, ndipo mfutso wake umatuwa m'malo mokhala wobiriwira. Sungani m'chikwatu kapena mumphika wotseka bwino pamalo ouma.

Za mbewu ya chaka chamawa: siyani mitengo iwiri yamphamvu kwambiri ya bonongwe, mpiru, luni ndi therere kuti ikhwime njere. Musasiye yofooka imene munaikana pothyola, chifukwa ana ake adzakhalanso ofooka. Umitsani njerezo bwino, sakanizani ndi phulusa pang'ono, tsekerani m'botolo louma ndipo lembanipo dzina ndi mwezi. Mbewu za m'paketi zolembedwa F1 sizibereka ana ofanana nazo, zimenezo musasunge.

Zokambirana m'magulu omvera

Pamsonkhano wanu wotsatira, yambani ndi kuwerenga miyezi imene mabanja a m'gulu mwanu amasowa ndiwo zamasamba, ndipo muone ngati ndi miyezi yofanana kwa onse. Kenako fufuzani kuti m'mudzi mwanu ndani ali ndi mtengo wa mabulosi, jamu, sitiroberi kapena mbatata yofiira, ndipo mukapemphe mbewu mogwirizana osati aliyense payekha. Kambiranani ndi amfumu za ziweto zoyenda zokha nthawi ya chilimwe. Pomaliza sankhani nyumba imodzi ya agogo olera ana kapena ya munthu wodwala, kumene gulu likamange mpanda ndi kukumba mabedi awiri oyamba. Zimene mwagwirizana, pamodzi ndi mafunso anu, tumizani ku wailesi kudzera kwa mlembi wa gulu kuti tidzaziwerenge pa pulogalamu ya zaumoyo.